Mnzanu Akatentha Thupi Mwadzidzidzi: Mmene Mungamufikitsire Kuchipatala Nthawi Ikadalipo

Kuno ku chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, munthu amatha kudzuka ali bwinobwino n'kupita kudimba, kokadula nzimbe kapena kokawedza, koma pofika masana n'kuyamba kumva kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo. Pofika madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'thupi mwaphwanya, ndipo sangathenso kudziganizira bwino payekha. Nthawi zambiri amene ali naye pafupi pa ola limenelo si mbale wake, koma mnzake wa kuntchito, wochita naye lendi nyumba imodzi, wogona naye chipinda chimodzi kusukulu kapena woyandikana naye dimba. Malangizo awa ndi a munthu ameneyo. Cholinga chake n'chimodzi: wodwalayo ayezedwe ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo zikavuta kwambiri pasadutse maola 24 chiyambire kutentha thupi. Udindo wotsogolera ulendowo uli kwa inu amene muli bwino, chifukwa wodwala kawirikawiri amangonena kuti agone pang'ono, mawa adzuka bwino.

Chofulumirira n'chakuti malungo ofala m'dziko muno amayamba ndi kachirombo ka Plasmodium falciparum, kamene kamachulukana msanga m'magazi ndipo pa tsiku limodzi kapena awiri kangathe kusokoneza ubongo, kuwononga impso kapena kumuthera munthu magazi. Chigwa chathu n'chotentha, chili ndi madambo aakulu monga Elephant Marsh ndi Ndindi komanso minda yothirira ya mpunga ndi nzimbe, kotero udzudzu suthera m'dzinja mokha. Umaluma chaka chonse, makamaka anthu amene amagona panja pamphasa chifukwa cha kutentha kwa m'nyumba. Komabe si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Chibayo, taifodi, matenda oumitsa khosi, matenda a m'chikhodzodzo ndi chifuwa chachikulu amabweranso ndi kutentha thupi, ndipo palibe amene angawasiyanitse pongoyang'ana ndi maso.

Muoneni kaye bwinobwino

Choyamba khalani pansi pafupi naye n'kumuona modekha kwa mphindi zingapo. Mugwireni pamphumi, m'khosi ndi pachifuwa ndi kumbuyo kwa dzanja, kenaka dzigwireni inuyo kuti muyerekeze. Ngati pafupi pali kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kaikeni kukhwapa. Kakasonyeza madigiri 37.5 kapena kupitirira apo, ndiye kuti thupi latenthadi. Musataye nthawi kuyendayenda m'makomo kukafunafuna kachipangizoko, pakuti munthu amene akunjenjemera n'kumapempha bulangete masana a mu Okutobala wasonyeza kale kuti zinthu sizili bwino.

Kenaka mufunseni mafunso akadali wokhoza kuyankha, chifukwa mukamafika kuchipatala mwina amene mudzamuyankhulire ndinu. Zayamba liti? Wasanza kapena watsekula m'mimba kangati? Akutsokomola? Wakodza liti komaliza, ndipo mkodzowo unali wotani? Wamwa kale mankhwala anji, angati, nthawi yanji? Kodi pali mankhwala amene amamuwenga? Funsaninso ngati ali ndi matenda a shuga kapena othamanga magazi, ngati amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, ndipo ngati ndi mayi, ngati ali woyembekezera kapena wangobereka kumene. Mafunso omalizawa afunseni muli awiriwiri ndi mawu apansipansi, ndipo zimene akuuzeni zipite kwa adokotala okha basi. Mayankhowo alembeni papepala kapena pafoni, chifukwa mtima ukakhala m'mwamba munthu amaiwala ngakhale ola limene mnzake anamwa Panado.

Tsopano fufuzani zizindikiro zoopsa, ndipo apa musathamange. Mufunseni dzina lake, kumene ali ndi tsiku la lero. Ngati akubwebweta, akuyankha zosagwirizana kapena akungosinza osadzutsika bwino, matenda afika poipa. Mupempheni akhale tsonga popanda kumugwira, ndipo mupatseni madzi m'kapu kuti muone ngati akutha kumeza ndiponso ngati madziwo akukhazikika m'mimba. Ali chigonere, muuzeni aweramitse mutu kuti chibwano chifike pachifuwa. Ngati khosi lauma ndipo kuwala kukumupweteka m'maso, angakhale matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga kwambiri. Tambasulani chikhatho chake pafupi ndi chanu, n'kukokeranso pansi chikope cha m'munsi: mukaona moyera mbee m'malo mofiira, magazi achepa. Onani ngati maso asanduka achikasu, ngati akupuma mobanika kapena mothamanga, ngati mkodzo wada ngati Coca-Cola kapena wasiya kutuluka, ngati akutuluka magazi m'kamwa kapena m'mphuno, ndiponso ngati anakomokapo kapena kugwedezeka thupi lonse. Chizindikiro chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kuti munyamuke nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya ndi Lamulungu. Mayi woyembekezera, mayi amene wangobereka kumene, khanda losakwana miyezi 2, nkhalamba ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika musawadikirire zizindikiro. Kutentha thupi kokhako ndi chifukwa chonyamukira.

Wina akamakafuna njinga, inu chitani izi

Gawanani ntchito msanga. Wina athamangire wa kabaza kapena mwini ngolo, wina aimbire abale, inu mukhale ndi wodwala. Mugonekeni pamthunzi kapena pakhonde pamene pakupita mphepo, muchotseni mabulangete ndi zovala zokhuthala ngakhale akudandaula kuti akuzizidwa, n'kumufunditsa chitenje chimodzi chopepuka. Nyikani kansalu m'madzi ofunda pang'ono n'kumamupukuta pamphumi, m'khosi ndi m'khwapa. Ngati akutha kumeza, mupatseni madzi abwino pang'onopang'ono koma pafupipafupi, owiritsa kapena othira klorini. Ngati akusanza kapena kutsekula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino n'kumamumwetsa ndi kapu yaing'ono kapena supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso mwapang'onopang'ono.

Mankhwala amene mungamupatse kunyumba popanda mantha ndi Panado. Munthu wamkulu amwe mapiritsi 2 a 500 mg, osabwerezanso pasanathe maola 6, ndipo asapitirire mapiritsi 8 pa tsiku lonse, chifukwa Panado wochuluka amawononga chiwindi. Dziwani kuti Panado amangotsitsa kutentha, sapha kachirombo. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika: thupi likazizira pakatha ola limodzi, wodwala amadzuka, n'kudya phala pang'ono, n'kunena kuti ulendo uja ulekeke. Inu musavomere. Malungo omwewo amatenthetsa thupi mosinthasintha, kutentha, kutuluka thukuta, kupepukidwa, kenaka n'kubweranso mwamphamvu kuposa poyamba. Muyankheni mwaulemu koma mosagwedezeka kuti, "Achimwene, tiyeni akakuyezeni magazi lero lomwe, za ndalama ya kabaza zisiyeni kwa ine, tidzakambirana mukachira."

Musamupatse LA (mankhwala a malungo a kuchipatala) wotsala wa munthu wina, musakagule Fansidar kapena makapisozi ogulitsidwa awiriawiri pagolosale kapena pamsika, ndipo ana musawapatse asipirini. Dziko lino linasiya kuchiza malungo ndi klorokwini mu 1993, n'kusiyanso kuchiza ndi Fansidar mu 2007, chifukwa kachirombo kanali katazolowera mankhwalawo. Fansidar lero amaperekedwa kusikelo kwa amayi oyembekezera monga chitetezo, osati monga mankhwala a munthu amene wadwala kale. Mapiritsi ochepa a LA sachiza, amangobisa matenda n'kusokoneza adokotala. Ine ndimaona kuti kagolosale ka pafupi ndi kamene kamachedwetsa odwala ambiri kuposa mtunda wa kuchipatala, chifukwa munthu akagula mapiritsi mtima umakhala pansi ngati wachitapo kanthu, tsiku n'kudutsa.

Pamakhalanso achibale ndi anansi amene amati ayambe kaye kwa asing'anga kapena kwa abusa, makamaka wodwala akayamba kubwebweta kapena kugwedezeka, chifukwa zoterezi zimaoneka ngati zochita kumulodza. Musakangane nawo, pakuti nawonso akumufunira zabwino. Afotokozereni kuti malungo akafika ku ubongo amachita zomwezo, ndipo apempheni kuti pemphero lichitike muli m'njira kapena kuchipatala komweko. Chimene musalole ndi kumutema mphini kapena kumumwetsa mankhwala a zitsamba ali wofooka, chifukwa chiwindi ndi impso zake zili kale pa ntchito yaikulu.

Akakomoka n'kuyamba kugwedezeka, chotsani pafupi mbaula, nyale ndi chilichonse chimene chingamuvulaze, ikani chitenje pansi pa mutu, ndipo mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zitulukire kunja. Musamuike supuni, mtengo kapena chala m'kamwa, musamupanikize manja ndi miyendo, ndipo musamuthire madzi kapena phala m'kamwa, chifukwa zingalowe m'mapapo. Kugwedezekako kukatha, mungapake kashuga konyowetsa pang'ono pansi pa lilime, popeza malungo aakulu amatsitsa shuga m'magazi, kenaka nyamukani.

Pali vuto lina la kuno kwathu limene limafanana ndi malungo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 m'madera monga Ngabu ndi Nchalo, ndipo munthu amene wakhala tsiku lonse m'munda angathe kugwa, khungu lili lamoto, mutu utasokonezeka. Woteroyo muthamangitsireni pamthunzi, muvuleni malaya, muthireni madzi thupi lonse n'kumamukupiza mosalekeza, ndipo muzipitiriza kutero muli paulendo wa kuchipatala.

Kusankha chipatala ndi njira

Lamulo losavuta ndi lakuti pitani kuchipatala chimene mungafikeko msanga, osati chimene chili ndi dzina lalikulu. Chipatala chaching'ono cha m'dera chimatha kuyeza malungo, kupereka LA, kubaya jakisoni woyamba wa malungo aakulu ndi kuitanitsa ambulansi yotengera wodwala kuchipatala chachikulu cha m'bomalo. Kudumpha chipatala chaching'ono chimene chili pafupi n'kuyamba ulendo wa maola ambiri ndi munthu wokomoka n'kumumana jakisoni amene akanamuthandiza kufika wamoyo. Ngati wodwalayo ndi mwana wa mnzanu wosakwana zaka 5, alangizi a zaumoyo amene ali ndi kiliniki ya m'mudzi amayeza ndi kupereka mankhwala a malungo, ndipo mwana akakhala ndi zizindikiro zoopsa amamutumiza kuchipatala. Koma kiliniki imeneyi si ya akuluakulu.

Amene muli m'mbali mwa msewu wa M1 muli ndi mwayi wa tala ndi magalimoto. Pali chipatala cha boma ku Chikwawa, cha St Montfort ku Nchalo, cha ku Ngabu, cha Kalemba ku Bangula ndi cha boma ku Nsanje, kuphatikizapo zipatala zing'onozing'ono zimene zili pakati. Ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, chipatala chachikulu ndi Trinity ku Muona, ndipo wopita ku Chikwawa kapena ku Blantyre amadzera msewu wotulukira pa Thabwa. Zipatala za boma n'zaulere. Za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, ngakhale kuti zina zili pa mgwirizano ndi boma wothandiza amayi oyembekezera ndi ana popanda malipiro. Ngati chipatala cha mishoni ndi chimene chili pafupi ndipo mnzanu ali ndi chizindikiro choopsa, pitani komweko, nkhani ya bilu mukaikambe wodwala atalandira kale thandizo.

M'dzinja nkhani yonse imasintha. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 anadula misewu ndi milatho m'malo ambiri a chigwa chino, ndipo mitsinje monga Mwanza, Ruo ndi Thangadzi imatha kudzaza ndi mvula imene yagwa kumapiri, kuno kusanagwe n'dontho lomwe. Anthu a ku Makhanga akhala akuoloka pabwato ku Mtayamoyo kwa zaka zambiri kuti afike ku Bangula. Choncho musananyamuke imbirani wa kabaza kapena munthu wa tsidya linalo kuti akuuzeni mmene madzi alili, n'kusankha njira yodutsika ngakhale itakhala yozungulira. Musayese kuoloka mtsinje wodzaza mutabereka wodwala kumsana. Pabwato mugonekeni pansi pakati, inu mukhale kumutu kwake, ndipo pemphani opalasa odziwa bwino malowo, chifukwa mu Shire muli mvuu ndi ng'ona ndipo usiku ngozi imakula. Chifukwa cha zonsezi, munthu wa kutsidya akatentha thupi masana m'nyengo ya mvula, aoloke kukadali kowala ngakhale akuoneka kuti ali ndi mphamvu. Kudikira kuti muone mmene agonere n'kudziika pa chisankho chovuta cha pakati pa usiku.

Panjinga yamoto wodwala akhale pakati, inu kumbuyo, mutamugwira ndi manja onse awiri. Ngati ali wofooka, mangani chitenje chozungulira iye ndi inu m'chiuno, ndipo onetsetsani kuti mapazi ake ali pa zopondera, kutali ndi paipi yotentha ya utsi. Muuzeni woyendetsa kuti asathamange m'mabampu. Munthu amene wakomoka kapena amene sakutha kuimika mutu asakwezedwe panjinga. Ameneyo afunika galimoto, ngolo kapena machira. M'ngolo yalani matiresi kapena mphasa ndi zitenje, mugonekeni chammbali, ndipo wina agwire ambulera kapena chitenje chomutchinjiriza kudzuwa. Ngati kuntchito kwanu kuli kiliniki kapena galimoto, auzeni akapitawo nthawi yomweyo.

Za ndalama musachite nazo manyazi. Imbirani abale ake kuti atumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pemphani ku banki m'khonde imene iye kapena inu mumasonkhako, kapena dziwitsani amfumu ndi akumpingo. A kabaza ambiri a m'mudzi amavomera kulipidwa pambuyo ngati akukudziwani. Abale auzeni zoona zake, kumene mukupita ndi nthawi imene mwanyamuka, koma musadikire kuti amalume kapena mwamuna wake afike kuchokera kutali kudzapereka chilolezo, akakupezeni kuchipatala. Ngati mwasowa wokufunsa nzeru, pali Chipatala Cha Pa Foni cha Unduna wa Zaumoyo, chimene mumaimba mwaulere n'kuyankhula ndi azaumoyo, koma foniyo isalowe m'malo mwa ulendo.

Ponyamuka tengani buku lake la kuchipatala, mankhwala onse amene amamwa ndi mapaketi a amene wamwa kale, chitupa cha unzika, botolo la madzi akumwa, zitenje ziwiri, kabeseni kosanzira, kapu, mbale, supuni, sopo, tochi ndi foni yokhala ndi moto. Ngati buku lasowa, musabwerere kukapindula nyumba yonse. Mukapeza lina kuchipatala komweko.

Mukafika kuchipatala

Pamabenchi a odwala oyendera pamakhala mzere wautali, makamaka Lolemba m'mawa. Ngati mnzanu ali ndi chizindikiro choopsa, musamukhazike kumapeto kwa mzere n'kungokhala chete. Pitani kwa namwino kapena wogwira ntchito aliyense amene mwamuona n'kunena mwachidule zimene zili zoopsa poyamba: "Anesi, pepani, anzangawa ayamba kutentha thupi dzulo madzulo, akusanza chilichonse, tsopano sakutha kukhala tsonga ndipo akubwebweta. Chonde awaone msanga." Achipatala amaona odwala kwambiri poyamba, koma sangadziwe za munthu amene wagona phee kuseri kwa anthu ambiri ngati palibe womunenera. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati mwafika usiku pachipatala chaching'ono n'kupeza potseka, afunseni alonda kuti akuitanireni amene ali pa ntchito usiku umenewo. Yankhulani mwaulemu ndithu, popeza kukalipa kumangotalikitsa nkhani, koma musachoke pakhomo musanathandizidwe.

M'chipinda cha adokotala lowani naye ngati iye walola. Musiyeni afotokoze yekha zimene angathe, inu n'kuwonjezera zimene mwaona ndi zimene munalemba. Nenani mankhwala onse amene wamwa, ngakhale a pagolosale kapena a zitsamba, popanda kubisa poopa kukalipiridwa, chifukwa adokotala amasankha mankhwala potengera zimenezo. Kuyeza malungo sikuchedwa: amabaya chala, n'kudontheza magazi pa kachipangizo, ndipo zotsatira zimatuluka pakatha mphindi 15 mpaka 20. Musachoke musanamve zotsatirazo ndi kuona kuti zalembedwa m'buku.

Akapezeka ndi malungo osafika poipa adzapatsidwa LA. Munthu wa makilogalamu 35 kapena kupitirira amamwa mapiritsi 4 nthawi imodzi, kawiri pa tsiku kwa masiku 3, onse pamodzi mapiritsi 24. Oyamba amwere kuchipatala komweko, achiwiri pakatha maola 8, ndipo masiku awiri otsatirawo azimwa m'mawa ndi madzulo. Ana amapatsidwa molingana ndi sikelo yawo, choncho musagawire mwana mankhwala a wamkulu. Musanachoke pawindo lolandirira mankhwala, bwerezani mokweza zimene akuuzani kuti wopereka mankhwalayo akukonzeni ngati mwamva molakwa.

Akapanda kupezeka ndi malungo, musakakamize adokotala kuti alembe LA, ndiponso musaganize kuti ulendo wapita pachabe. Zotsatirazo zikutanthauza kuti gwero la kutentha thupi lifunidwe kwina. Funsani kuti akuganiza kuti ndi matenda anji, ngati pakufunika kuyeza mkodzo, makhololo kapena magazi ku labu, ndiponso tsiku limene abwerenso ngati sakusintha. M'madera amene madzi osefukira anagwetsa zimbudzi n'kulowa m'zitsime, matenda a m'mimba monga taifodi amafunika kuwaganizira, choncho auzeni adokotala kumene mnzanu amatunga madzi akumwa. Ngati wakhala akutsokomola kwa masabata awiri, akutuluka thukuta usiku ndipo akuwonda, nenaninso zimenezo. Akamupempha kuti ayezedwe HIV, mulimbikitseni, kenaka tulukani kuti alandire zotsatira zake payekha pokhapokha atakupemphani kuti mukhalepo. Nthawi zina mankhwala ena amatha m'zipatala; zikatero pemphani kuti alembe bwino dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake m'buku, mukagule ku famase yovomerezeka, osati kwa oyenda nawo m'zikwama.

Akamugoneka m'chipatala

Malungo aakulu amachizidwa ndi jakisoni wa artesunate, amene amabayidwa pofika, pakatha maola 12, ndiponso pakatha maola 24, kenaka wodwala akayamba kumeza amamaliza ndi LA wa masiku 3. Wogonekedwa amafunika gadiyani, ndipo mpaka abale atafika gadiyaniyo ndinu. Ntchito yake ndi kumumwetsa, kumudyetsa, kumuperekeza kuchimbudzi, kumutembenuza ngati sakutha kudzitembenuza, kuyang'anira diripi kuti ikatsala pang'ono kutha kapena pamkono pakatupa muitane namwino, ndi kukhalapo adokotala akamayendera odwala m'mawa. Sungani m'mutu nthawi ya jakisoni wotsatira, ndipo ikakwana akumbutseni anesi mwaulemu, chifukwa namwino mmodzi amatha kukhala ndi wodi yodzaza. Mnzanu akayamba kupuma movutika, kugwedezeka kapena kusiya kuyankha, thamangani kukanena, musadikire kuti adokotala adzaone mawa. Ngati mnzanuyo ndi wamkazi inu muli wamwamuna, kapena iye wamwamuna inu wamkazi, pezani msanga woyenera kugona naye m'wodi, inu muzithandiza za kunja monga chakudya ndi mauthenga.

Magazi akachepa kwambiri angafunike kuwonjezeredwa, ndipo nthawi zina achibale ndi anzake amapemphedwa kupereka; ngati muli ndi thanzi labwino, dziperekeni ndipo itanani anzanu ena. Akanena kuti akumutumiza kuchipatala cha boma kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, onetsetsani kuti kalata yomutumizira ndi buku lake zili m'manja mwanu, ndipo dziwitsani abale kuti asapite kolakwika. Tengani chofunda, chifukwa mukakwera mapiri kuchoka pa Thabwa nyengo imasintha, ndipo kumtunda usiku kumazizira kwa munthu wozolowera kuchigwa. Abale akafika, apatseni zonse mwadongosolo: zimene anamupeza nazo, mankhwala amene walandira, nthawi ya otsatira ndi ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito.

Masiku atatu a kunyumba

Ntchito yanu sinathe pamene mwabwerera kumudzi. LA amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, choncho mukonzereni phala la mapira kapena la mgaiwa lothira nsinjiro kapena chitowe, kapena kapu ya mkaka, ngakhale atangodya masupuni ochepa. Akasanza pasanathe theka la ola atamwa mapiritsi, amwenso ena, ndipo mupite kuchipatala kukanena kuti akuwonjezereni olowa m'malo mwa osanzidwawo; akasanzanso, abwerere kuchipatala chifukwa afunika jakisoni. Ikani alamu pafoni ya m'mawa ndi ya madzulo, ndipo ngati n'kotheka muzimuona akumeza. Tsiku lachiwiri ambiri amapeza bwino n'kufuna kusunga mapiritsi otsalawo kuti adzathandize tsiku lina. Zimenezi zimabweza matenda pakatha masabata ochepa, choncho paketi yonse ithe.

Apitirize kumwa madzi ambiri, thobwa kapena madzi a malambe okonzedwa ndi madzi abwino, apewe mowa, apumule kuntchito ya padzuwa kwa masiku angapo, ndipo azigona m'masikito ngakhale akugona pakhonde, kuti udzudzu usatenge kachirombo kwa iye n'kupatsira ena a m'nyumbamo. Muyendereni m'mawa ndi madzulo n'kubwereza kuyang'ana zikhatho, maso, mkodzo ndi kayankhulidwe kake. Chizindikiro choopsa chikaoneka, bwererani nthawi yomweyo, ndipo ngati thupi likutenthabe pa tsiku lachitatu, abwererenso ngakhale palibe chizindikiro china. Amene anabayidwa artesunate amatha kuchepa magazi pakatha sabata imodzi mpaka masabata atatu atatuluka m'chipatala, choncho akayamba kufooka, kuchita chizungulire kapena kuyera m'manja, akayezetse magazi. Pobwerera kuchipatala nthawi ina iliyonse auzeni adokotala tsiku limene anamaliza LA, chifukwa kachipangizo koyezera pachala kamatha kusonyezabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira, ndipo pamenepo magazi amafunika kuonedwa pa makina a ku labu kuti zidziwike ngati kachirombo kakadalimo kapena ngati vuto lili kwina.